Mukakumana ndi Moose Panjira ya M'tchire

Pa nyama zonse za mtundu wa agwape, moose ndiyo yaikulu kwambiri. Imapezeka ku Alaska, Canada, kumpoto kwa United States, komanso ku Sweden, Norway, Finland ndi Russia. Yamphongo ya ku Alaska imatha kufika makilogalamu 700, ndipo ikaima, phewa lake limafika mamita 2 kuchokera pansi. Ikamabudula masamba imaoneka yofatsa ngati ng'ombe ya m'khola, ndipo anthu ambiri amapusitsika pomwepo. Bungwe la Alaska Department of Fish and Game limanena kuti ku Alaska anthu ovulazidwa ndi moose chaka chilichonse amachuluka kuposa ovulazidwa ndi zimbalangondo. Chifukwa chake n'chakuti moose ndi zambiri, zimalowa mpaka m'matauni, ndipo anthu saziopa mokwanira.

Moose sidya nyama. Ikakuthamangitsani sikufuna kukudyani, ikungofuna kuti muchoke pamalo pamene yaima. Malangizo onse ali m'munsimu achokera pamfundo imeneyi, ndipo n'chifukwa chake amasiyana ndi a chimbalangondo.

Nthawi zoopsa pachaka

Kuyambira pakati pa May mpaka mu June zazikazi zimaswa, mwana mmodzi kapena awiri. Imeneyi ndiyo nyengo yoopsa kwambiri kwa oyenda pansi ndi apanjinga. Mwana amakhala wofiirira, miyendo yaitali, ndipo nthawi zambiri amagona phee m'maudzu. Mukaona mwana yekhayekha musaganize kuti ndi wamasiye. Make ali pafupi, mwina kumbuyo kwanu. Bwererani njira yomwe mwadzera osachedwa, maso akuyang'ana uku ndi uku, ndipo musayerekeze kumugwira kapena kumujambula pafupi. Mukaona yaikazi m'miyezi imeneyi, ingoganizani kuti ili ndi mwana ngakhale simukumuona.

Mu September ndi October ndi nyengo yokwerana. Zamphongo zimakhala zaukali, zimathyola zitsamba ndi nyanga, ndipo sizipatukira munthu. M'nyengo yozizira vuto limakhala lina: chakudya chimachepa, kuyenda m'chipale chofewa chakuya kumazitopetsa, choncho zimakonda njira zomwe anthu apondaponda. Moose yanjala ndi yotopa sichedwa kupsa mtima, ndipo siifuna kuchoka panjira yolimba kukalowa m'chipale chofika m'mimba.

Nyengo iliyonse, m'mamawa ndi chakumadzulo ndi pamene zimayendayenda kwambiri. Zimakonda m'madambo, m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje, ndi paliponse pamene pali misondodzi yambiri. Mapazi a ziboda ziwiri zosongoka otalika pafupifupi masentimita 15, ndowe zaziwisi, ndi nsonga za nthambi zobudulidwa pamsinkhu wa chifuwa chanu, zonsezi zikuuzani kuti muchepetse liwiro.

Kuwerenga thupi lake

Moose yomwe ikupitiriza kudya, makutu ali chilili akutembenukira uku ndi uku, yakuonani koma simunaisowetse mtendere. Ikasiya kudya n'kukuyang'anitsitsani, mwayandikira kale mopitirira. Zizindikiro zoti yatsala pang'ono kuukira ndi izi: makutu agonera kumbuyo, ubweya wa pakhosi ndi palinunda waima, ikunyambita milomo, mutu yautsitsa. Nthawi zina imayamba kuyenda pang'onopang'ono kubwera kwa inu. Anthu ena amaona ngati ikufuna kucheza. Ayi ndithu. Mwina ikukuchenjezani, mwina inazolowera kupatsidwa chakudya, ndipo yozolowera chakudya imakwiya ikapeza kuti m'manja mwanu mulibe kanthu. Ku Alaska kudyetsa moose n'koletsedwa ndi lamulo.

Pa nkhani ya mtunda, malo osungirako nyama a Yellowstone ndi Grand Teton ku United States amalamula kuti munthu akhale patali mayadi 25, omwe ndi mamita 23, pomwe bungwe la Parks Canada, loyang'anira malo otere ku Canada, limanena mamita 30. Manambalawa ndi poyambira chabe. Ngati pali mwana, onjezerani kwambiri. Njira yosavuta yoyezera ndi kutambasula dzanja, kutsinzina diso limodzi, n'kuona ngati chala chachikulu chikuphimba nyama yonse. Ngati sichikuiphimba, bwererani m'mbuyo.

Ikatseka njira

Imani. Yang'anani kaye komwe kuli mtengo waukulu, thanthwe, galimoto kapena nyumba yomwe mungabisaleko, kenako muone ngati pali mwana. Lankhulani ndi mawu apansi kuti idziwe kuti ndinu munthu, chifukwa maso ake saona bwino patali ngakhale makutu ndi mphuno zake ndi zakuthwa. Bwererani pang'onopang'ono mpaka itayambanso kudya. Ndiye dikirani. Mwina ichoka pakangopita mphindi zochepa, mwina theka la ola lidutsa ikadali pomwepo. Kudikira kukakukanikani, bwererani kapena lambalalani patali, ndipo nthawi zonse pakati pa inu ndi nyamayo pazikhala mitengo. Musaiponyere miyala kapena kuikuwiza. Ngakhale itakusiyani inuyo, mkwiyo wake ukagwera munthu amene akubwera pambuyo panu. Muonetsetsenso kuti ili ndi kothawira: gulu la anthu likaima mbali zonse ziwiri za njira, nyamayo imaona kuti yazingidwa, ndipo idutsa pamene pali munthu.

Apanjinga ali ndi vuto lawolawo. Njinga imathamanga mwakachetechete, choncho mumatulukira pa moose mwadzidzidzi, mtunda woimira utatha kale. Mumzinda wa Anchorage ku Alaska, njira za njinga za ku Kincaid Park ndi Tony Knowles Coastal Trail zimadutsa m'malo momwe moose zimadya ndi kuswera, ndipo kukumana nazo pakona si zachilendo. Pakona iliyonse yomwe simukuona kutsogolo, gwirani mabuleki, imbani belu kapena fuulani, ndipo mahedifoni muwasiye m'thumba. Liwiro lanu lizikhala loti mutha kuima mkati mwa mtunda womwe maso akuona. Mukakhala pagulu, wakutsogolo afuule msanga kuti akumbuyo asamuombe, ndipo muzisiyana mipata.

Mukaima, tsikani ndi kutembenuza njinga kuti iloze komwe mwachokera. Musayese kudutsa mwaliwiro pambali pake poganiza kuti muipitirira. Moose imathamanga mpaka makilomita 55 pa ola, imalumpha zitsamba ndi mitengo yakugwa pamene inu mukutsatira makona a njira, ndipo imaponya mwendo kutsogolo, kumbuyo ndi chammbali. Cholakwa china chofala n'kutsatira pambuyo pa moose yomwe ikuthawa motsata njira. Inu mumaona ngati ikukupatsani mpata, koma iyo imaona kuti ikuthamangitsidwa, ndipo ikatopa imatembenuka.

Galu ndiye amaputa ngozi zambiri. Kwa moose, galu ndi mmbulu, mdani amene amagwira ana ake, choncho imatha kusiya kudya n'kulondola galu ngakhale ali pachingwe. Galu womasuka amaiuwa, ikamuthamangitsa amathawira kwa mbuye wake, nyamayo ili pambuyo. Mumangeni chingwe chachifupi, ndipo mukaona moose muchoke naye msanga. Koma ikafika poukira, tayani chingwecho. Galu amathawa bwino kuposa inu, ndipo manja anu akufunika.

Ikaukira

Thawani. Kwa chimbalangondo kuthamanga n'koopsa chifukwa kumadzutsa mtima wosaka, koma moose ilibe mtima umenewo, ndipo kawirikawiri ikaona kuti mwachoka pamalo ake imasiya. Nthawi zambiri imangoopseza n'kuima panjira, komabe musaime kuti muone ngati ikuopseza chabe. Njinga igwetseni pomwepo. Musathamange molunjika pabwalo poyera, thamangirani kuseri kwa chinthu cholimba chomwe munachiona poyamba paja. Mtengo wokula bwino ndi wokwanira, chifukwa munthu amazungulira tsinde mofulumira kuposa nyama yaitali chonchi. Khalani pafupi ndi tsindelo, muzizungulira kuti likhale pakati panu, mpaka itagwa ulesi. Kamtengo kanthete sikathandiza. Amene ali ndi mankhwala opopera zimbalangondo angathe kuwagwiritsa ntchito nyamayo ikafika pafupi, koma asataye nthawi kuwafufuza m'chikwama mmalo mothawira kumtengo.

Ikakugwetsani, dzipindeni mawondo afike pachifuwa, manja aphimbe mutu ndi khosi. Chikwama cha kumsana musachivule, chimateteza msana, ndipo chipewa cha njinga chikhale kumutu. Imaponda ndi ziboda zakutsogolo. Musabwezere ndipo musayese kudzuka, chifukwa ikaona mukugwedezeka imayambiranso. Gonani phee mpaka itapita patali ndithu, kenako muchoke molowera kwina. Pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, poti nthiti zothyoka ndi kukha magazi m'kati sizionekera nthawi yomweyo. Dziwitsaninso oyang'anira malowo kuti achenjeze ena kapena atseke njirayo.

Pomanga tenti

Chakudya chanu sichiikopa moose monga chimakopera chimbalangondo, ngakhale imakonda mchere. Ngozi ya pamsasa imabwera chifukwa cha malo omwe mwasankha. Kanjira kopondeka kotsikira kumadzi, kokhala ndi mapazi ndi ndowe, ndi msewu wa nyama, ndipo tenti ikamangidwa pamenepo idzapondedwa usiku. Sankhani pokwera pang'ono, kutali ndi misondodzi ndi m'mphepete mwa madzi, pafupi ndi mitengo ikuluikulu. Zingwe zoyanikira zovala ndi nsalu zogonapo zomangirira pamitengo muzimasule mukamachoka kapena kukagona, chifukwa zimakola nyanga za yamphongo, ndipo nyama yokodwa imaphwanya chilichonse chili pafupi.

Mukamva ikubudula masamba pafupi ndi tenti usiku, khalani m'kati mwakachetechete, mugwire galu kuti asauwe, ndipo musaiwalitse tochi kumaso. Ikadya ipitirira yokha. Potuluka usiku kapena m'bandakucha, yambani mwaunika mbali zonse musanaponde panja, ndipo tochiyo muziikweza m'mwamba: thupi la moose ndi lakuda, limasowa mumdima, ndipo chomwe chimayamba kuoneka ndi miyendo yotuwa yomwe munthu angaiyese timitengo.