Kanyali ka oyilo kakavuta, musathamangire kugula sensa musanayeze

Anzanga amene mukuyendetsa magalimoto oti akulako, tiyeni tikambirane za kachipangizo kena kakang'ono koti kamakwana pachikhatho koma kakalakwika mtendere mulibe panjira. Ndikunena sensa ya pulesha ya oyilo, amakaniko ambiri amangoti oil switch, ija imayatsa kanyali kofiira kooneka ngati kaketulo kodontha pa dashibodi.

Timvane kaye apa chifukwa ambiri amasokoneza. Kanyali kameneka sikanena kuti oyilo wachepa musampu (beseni la pansi pa injini momwe oyilo amakhala) ayi, kamanena kuti oyilo sakukankhidwa ndi mphamvu yokwanira kukafika ku mabeyaring'i ndi kumtunda ku kamushafuti. Oyilo atha kukhala full pa dipisitiki koma pulesha palibe, ndipo injini yolira opanda pulesha simatenga nthawi, mphindi zochepa chabe yanoka. Nde kanyali kakayaka mukuyenda, imani pambali zimitsani injini pomwepo, nkhani ya sensa ibwere pambuyo.

Masensa amenewa alipo amitundu iwiri. Yoyamba ndi switchi chabe, kawirikawiri imakhala ndi waya mmodzi, mkati muli kanembanemba ndi kasipuling'i. Pulesha kukakhala kulibe imalumikiza waya uja ku earth kudzera m'mazinga ake omwe ndi thupi la injini, nyali nkuyaka, pulesha ikakwera kudutsa penapake pa 0.3 mpaka 0.5 bar (muyezo wa pulesha) kanembanemba kaja kamakankhidwa, kulumikizana kumaduka, nyali nkuthima. Yachiwiri ndi ya magalimoto okhala ndi geji ya muvi, imakhala yokulirapo ngati kachitini ndipo imasintha resistance, kutanthauza kuvuta kwa magetsi kudutsamo, malinga ndi pulesha. Ziwirizi sizisinthanitsidwa, mukaika switchi pamalo pa ya geji muvi uzingokuuzani zabodza. Ma Volkswagen ena akale ali ndi maswitchi awiri, ina ya pulesha yotsika ina ya yokwera, nde muziona kuti mukuchotsa iti.

Sensa ikakalamba imaonetsa zizindikiro zake. Nyali imaphethiraphethira makamaka injini ikatentha ndipo simukuponda moto, kapena imangokhala yoyaka, kapena siyaka nkomwe mukatembenuza kiyi musanalize, ndipo ichi chomalizachi ndiye choopsa chifukwa tsiku lomwe pulesha idzathedi palibe adzakuuzeni. Pa ya geji muvi umagona pa zero kapena kukakamira kumapeto. China ndi kudontha, oyilo amatulukira pomwe pulasitiki yakumana ndi chitsulo. Ndinaona galimoto ina mwini wake atasintha kale gasiketi ya kavala yapamwamba kawiri akuti oyilo akuchucha m'mbali mwa injini, titavula kapulagi ka sensa mkati mwake munali oyilo thoo, titapukuta nkuliza tinangoona kadontho kakuda kakutuphuka pansonga pa sensa pang'onopang'ono mpaka kugwa. Vuto lonse linali pamenepo.

Koma tsopano nkhani yomwe ndikufuna muimvetsetse ndi iyi, zizindikiro zomwezi za nyali kuphethira injini ikatentha zimabweranso pulesha ikakhala kuti yatsikadi, ndipo pa galimoto yakale zimenezi sizachilendo. Mabeyaring'i akadyeka mpata umakula oyilo amangopulumuka, kasefa ka musampu komwe pampu imayamwira oyilo kamatsekeka ndi litsiro la oyilo wokhalitsa, pampu yomweyo imatha, valavu yochepetsa pulesha imatha kukakamira yotseguka, nthawi zina oyilo wapyapyala chifukwa walowa petulo. Nde munthu ukangoti ndi sensa imeneyo osayeza, ukuchita kulota. Ndipo chonde chonde, zomazula waya kapena kumata tepi pa nyali kuti isakusowetseni mtendere zija siyani, ndimamva chisoni ndikaona injini yabwinobwino itaphedwa chifukwa cha zimenezi.

Yambani ndi zophweka. Galimoto ikhale pamalo osapendekeka, dikirani mphindi zingapo oyilo atsike, onani dipisitiki, nunkhizaninso ngati oyiloyo sakumveka petulo. Kenako waya. Pa switchi ya waya mmodzi, kiyi ali pa ON injini yosalira, zulani waya uja, nyali ikuyenera kuthima, mukagunditsa wayayo pachitsulo cha injini ikuyenera kuyaka. Ngati mwazula koma nyali ikadali yoyaka ndiye kuti waya wasupuka penapake akugunda chitsulo, sensa ilibe mlandu. Ngati siyaka ngakhale mwagunditsa, funani babu, fyuzi kapena pomwe waya waduka.

Kuyeza kwenikweni ndi kwa geji yapamanja ija ya paipi, imene imamangidwa pabowo pomwe mwachotsa sensa. Ngati mulibe bwerekani kapena pitani kwa makaniko amene ali nayo, musadumphe sitepe imeneyi. Lizani injini itenthe bwinobwino chifukwa oyilo wozizira ndi wolimba amakunamizani ndi pulesha yokwera, werengani isakupondedwa moto, kenako werenganinso pa 2000 kapena 3000 rpm (maulendo omwe injini ikuzungulira pa mphindi). Amakaniko ali ndi kamuyezo kawo kongoyerekezera koti 10 psi (muyezo wina wa pulesha) pa 1000 rpm iliyonse, koma manambala enieni ali m'buku la injini yanuyo, tsatirani amenewo. Geji ikaonetsa pulesha yabwino pomwe nyali ikuyakabe, apo nde mwaigwira sensa. Ikaonetsa yotsika, sensa yatsopano sikuthandizani kanthu, tsegulani sampu muone kasefa ndi mabeyaring'i.

Tiyeni tinene kuti yapezeka yolakwa ndi sensa. Pogula nyamulani yakaleyo m'manja kapena nambala yake, chifukwa mazinga amasiyana ngakhale pamaso amaoneka ofanana. Injini zambiri za ku Japan zimagwiritsa 1/8 BSPT ya mazinga 28 pa inchi, za ku America 1/8 NPT ya mazinga 27, za ku Ulaya zambiri ndi M10x1. Kusiyana kwa zinga limodzi lokhalo nkokwanira kuti sensa ilowe kawiri katatu kenako nkuyamba kulimba, inu nkumati yagwira, pomwe ikudya mazinga a injini. Onaninso nambala ya pulesha yomwe imalembedwa pathupi pa maswitchi ambiri ifanane ndi yakale.

Ntchito yake siyovuta. Injini izizire kaye, chotsani waya wa negative ku batire makamaka ngati sensa ili pafupi ndi sitata, sipanala ikagunda waya wamoto wa pamenepo zimathetheka zoopsa. Sensa kawirikawiri imakhala pafupi ndi fyuluta ya oyilo kapena m'mbali mwa block (thupi la injini), pa injini zina ili kumtunda ku head (mutu wa injini), nde musaisokoneze ndi sensa ya kutentha kwa madzi. Pukutani malo onse ozungulira musanamasule kuti mchenga usagwere m'bowo, bowo limenelo limapita molunjika mu njira ya oyilo. Kapulagi kavuleni modekha, pulasitiki yazaka zambiri pamoto imakhala yofwafwaza imangothyoka. Sikofunika kukhetsa oyilo musampu, angotuluka pang'ono basi, ikani kansanza pansi. Gwiritsani soketi yakuya, zambiri ndi 24 mm kapena 27 mm, ndipo igwire pa chitsulo cha makona osati pathupi, zomagwira ndi pulayala pa kachitini zija zimaphwanya sensa.

Za zomatira pa mazinga, masensa ambiri atsopano amabwera atapakidwa kale, ngati ili choncho musawonjezere kanthu. Ngati ndi youma ndipo mazinga ake ndi osongoka kunsonga ngati a BSPT ndi NPT aja, pakani sealant wa mazinga pang'ono, kusiya mazinga awiri akunsonga opanda kanthu kuti zisalowe mu oyilo. Thread tape ine sindiilimbikitsa pa sensa ya waya mmodzi, mukaikulunga yambiri imatchinga earth nyali nkusiya kugwira ntchito, komanso tizidutswa take timatha kuduka nkukatseka tinjira ta oyilo. Zomwe zili ndi washa, washayo ndiye amatseka, ikani watsopano basi.

Pomanga nde pomwe anthu amaononga zinthu. Yambani ndi zala, izungulire yokha mofewa kangapo, ikalimba msanga bwererani muone bwino. Mazinga osongoka amachita ngati nkhwangwa mu chikuni, mukamamanga akukankha bowo kuti litanuke, nde pa aluminiyamu mukapitiriza mumangomva kuti tswa. Bambo wina anabweretsa galimoto atamanga sensa ndi chitsulo chachitali choonjezera pa sipanala poopa kudontha, chigoba chomwe pamakhala fyuluta chinali ndi kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi kuchokera pabowo, injini ikazizira osaoneka kanthu koma ikatentha oyilo amachita kutsetsereka, zinatengera kusintha chigoba chonse. Masensa ambiri amangofuna mphamvu ya pafupifupi 15 Nm, yochepa kwambiri, ngati muli ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) tsatirani buku, ngati mulibe gwirani sipanala pafupi ndi mutu wake ndipo ikangogwira bwino siyani.

Bwezerani kapulagi mutakapukuta oyilo yense mkati, waya adutse kutali ndi ekizozi, lumikizani batire. Tembenuzani kiyi pa ON osaliza, nyali iyake. Lizani, ithime mkati mwa masekondi ochepa, ikapitirira kuyaka zimitsani msanga mufufuzenso. Isiyeni injini itenthe mukuyang'ana pa sensa ndi tochi, pitsani chala kapena kapepala koyera pansi pake muone ngati kanyowa. Yendani kaulendo kakafupi, mukabwerako onaninso pamenepo ndi dipisitiki yomwe, ndipo m'mawa mwake musanalize suzumirani pansi pa galimoto ngati pagwa dontho.