Kugulitsa zakale pa intaneti: ndalama yotumizira ndi ofuna kubwezeredwa ndalama

Zojambula katundu ndi kulemba mtengo mukuzidziwa kale. Ine pomwe ndinapsa ndi pa ndalama yotumizira.

Choyamba, longedzani katunduyo musanatchule mtengo wotumizira. Ndinagulitsapo chisoti cha njinga yamoto. Pasikelo, pamodzi ndi katoni yake, chinakwana makilogalamu 2. Ndinauza wogula mtengo wa makilogalamu 2, iye n'kulipira. Nditafika kwa otumiza katundu, mayi wa pakauntala sikelo anangoiyang'ana pang'ono, n'kutulutsa tepi yoyezera. Katoni ija inali masentimita 40 m'litali, 30 m'lifupi, 30 msinkhu. Makampani ambiri amachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 5,000, kenako amalipiritsa chomwe chakula pakati pa yankholo ndi zomwe sikelo yanena. Langa linatuluka makilogalamu 7.2. Kaphindu konse kanathera pakauntala pomwepo, mpaka ndinapisa m'thumba. Kubwereranso kwa wogula kuti awonjezere? Manyazi anandigwira.

Ndiye yezani katoni mbali zonse zitatu. Ikakula, iduleni ifanane ndi katunduyo, chifukwa mpweya wa m'katonimo mumaulipira. Katoni zakale zimagwira ntchito, koma tepi yomatira yotchipa ija isiyeni, imamatuka panjira. Pewaninso otumiza amene mtengo wawo ndi wokoma koma sapereka lisiti kapena nambala yolondolera katundu. Wogula akadzati sanalandire, mudzaonetsa chiyani?

Za kubweza ndalama zilembeni poyera musanagulitse: masiku angati, komanso amene alipire ulendo wobwerera. Pong'ambika ndi pokalika pajambuleni pafupi, musabise. Pa eBay, lomwe ndi tsamba la pa intaneti logulitsirapo zinthu, katundu akasiyana ndi zomwe munalemba, wogula ali ndi masiku 30 odandaula, ndipo yotumizira pobweza imakhala yanu, ngakhale munalemba kuti simulandira zobwezedwa. Ngati wangosintha maganizo, zimatengera zomwe munalemba zija.

Zotsalazo n'zachidule. Musabweze ndalama katundu asanafike m'manja mwanu. Akafika, muyerekezeni ndi zithunzi zanu, poti ena amabweza chawo chakufa n'kusunga chanu. Ndalama ibwerere njira yomwe inadzera. Wina akati mutumize ku akaunti ya mchimwene wake, kanani.