Gaol si goal: katchulidwe ndi kalembedwe kake

Mdzukulu wanga wa giredi 11 ankawerenga buku lakale la mbiri pakhonde pathu kuno ku Chilenje. Atafika ponena kuti mu 1955 a Kenneth Kaunda ndi a Harry Nkumbula anakhala miyezi iwiri mu gaol, anadzutsa mutu. "Agogo, apa alakwitsa. Amafuna kulemba goal."

Sanalakwitse. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo mawu awa apunthwitsa ana anzeru ambiri pamaso panga. Gaol ndi ndende, ngati Chimbokaila uja.

Yambani ndi kamwa. Musatchule g wa mu galimoto. Nenani j wa mu jekete, mawuwo amveke mofanana ndi mail kapena nail. Gaol ndi jail amatchulidwa chimodzimodzi, ndipo jele wathu uja anachokera komweko. Wolondera akaidi amalembedwa gaoler, koma pakamwa ndi jailer.

Polemba, a ndiye amatsogola, o pambuyo. Ana ndinkawauza kuti o ndi wobulungira ngati mpira, choncho akathamangira kutsogolo mwalemba chigoli, osati ndende.

Nanga bwanji malembedwe awiri? Apa ndi pamene pamandikoma. Aroma ankatcha khola kuti cavea, ndipo pambuyo pake panabadwa caveola, kunena kwake kakhola, monga ifenso timachepetsera chinthu ndi ka. Mawuwo atalowa m'Chifalansa anagawika. Anthu a ku Normandy, amene anagonjetsa England mu 1066, ankati gaiole, ndi g wolimba. A ku Paris ankati jaiole. Angerezi analandira onse awiri. Pakamwa panapambana wa ku Paris, koma alembi a makhoti ndi a boma anakakamira g wawo kwa zaka mazanamazana. Ndiye chifukwa chake maso amaona china, khutu n'kumva china. Cage nayenso ndi mwana wa cavea yemweyo.

Lero mukamalemba kalata kapena mayeso, lembani jail. Ngakhale nyuzipepala za ku London zimatero. Gaol musungireni mayina a malo, monga Kilmainham Gaol ku Dublin, ndi pamene mukukopera chikalata cha nthawi ya atsamunda, pakuti pamenepo si bwino kusintha chilembo n'chimodzi chomwe.

Mtsikanayo anabwerera pa tsamba lija, nawerenganso chiganizocho mokweza, j akumveka bwinobwino.