Momwe mungakonzere mapepala a zaumoyo ndi a ulendo mukapeza malo pa yunivesite ku Britain

Pa 28 November 2021, ophunzira amene anali atagula kale matikiti opita ku London anadzuka n'kumva kuti Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola aikidwa pa mndandanda wofiira wa boma la Britain, wa maiko amene apaulendo ake ankaletsedwa kulowa, chifukwa cha Omicron, mtundu watsopano wa Covid-19. South Africa ndi Zimbabwe anali atalowamo kale masiku awiri m'mbuyomo. Wokhala ndi viza ya sukulu ankaloledwa kulowa, koma ankafikira ku hotelo yobindikiritsa anthu kwa masiku 10, ndipo mtengo wake unali mapaundi 2,285 munthu mmodzi. Mndandandawo unachotsedwa pa 15 December, ndipo pa 18 March 2022 Britain inathetsa malamulo onse a Covid-19 a apaulendo. Lero sakufunsani satifiketi ya katemera wa Covid-19 polowa m'dzikolo.

Ndayambira pamenepo chifukwa ambiri amamva kuti za Covid zinatha n'kuganiza kuti za umoyo zonse zinathera limodzi. Sizili choncho. Chimene chinkagwetsa anthu nthawi imeneyo chidakalipo: pepala lina limatha ntchito linzake lisanatuluke, kapena dzina la papepala likusiyana ndi la papasipoti. Msuweni wanga anataya pafupifupi sabata ziwiri akuyenda m'maofesi chifukwa wolemba khadi yake ya katemera anasiya chilembo chimodzi pa dzina la bambo ake. Choncho tengani kalendala, lembani tsiku lotsegulira sukulu, muyambe kuwerenga chobwerera m'mbuyo.

Choyamba: pasipoti ndi dzina lanu

Tulutsani pasipoti, ziphaso za sukulu, buku la kuchipatala ndi kalata ya ku yunivesite. Ziyaleni patebulo muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno si zachilendo kuti munthu akhale ndi dzina la ubatizo pa chiphaso cha MSCE, pomwe pa pasipoti pali la makolo. Konzani zimenezi musanalipire kalikonse, chifukwa pepala lililonse lotsatira lidzakopera zimene zili papasipoti.

Ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha, pangitsani ina tsopano. Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo kuno ku Malawi. Kukhala ndi malo a sukulu m'manja sikunathandize aliyense pa nthawi imeneyo.

Chachiwiri: nambala ya CAS

Mukavomera malo n'kukwaniritsa zimene yunivesite ikufuna, imakupatsani nambala yotchedwa CAS. Popanda nambalayi simungafunsire viza. Muyenera kuigwiritsa ntchito pasanathe miyezi 6 chiilandirireni, ndipo viza simungaifunsire kudakali miyezi yoposa 6 kuti maphunziro ayambe. Onani bwino ngati nambala ya pasipoti imene alemba pa CAS ndi ya pasipoti imene mudzayendere. Amene mukukachita digiri yapamwamba ya sayansi kapena ya uinjiniya, funsani msanga ngati maphunziro anu akufuna chilolezo cha ATAS, chifukwa chimatenga milungu kuti chituluke.

Chachitatu: kuyezetsa TB

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa.

Aliyense wokakhala ku Britain kupitirira miyezi 6, amene wakhala akukhala ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa, ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu asanafunsire viza. Chipsera cha katemera wa BCG chili pamkono panucho sichikumasulani ku lamuloli. Komanso si chipatala chilichonse chimene mungapiteko. Boma la Britain lili ndi mndandanda wa zipatala zovomerezeka, ndipo umapezeka pa tsamba lake la gov.uk. Ngakhale dokotala wa banja lanu atakhala katswiri wotani, ngati chipatala chake sichili pamndandandawo, satifiketi yake ndi pepala chabe.

Tsiku loyezetsa tengani pasipoti, adiresi ya kumene mukakakhale ku Britain kapena ya yunivesite, ndiponso mapepala onse akale ngati munadwalapo TB n'kuchira. Akujambulani pachifuwa. Chithunzi chikatuluka choyera, mumapatsidwa satifiketi imene imagwira ntchito miyezi 6 kuchokera tsiku lojambulidwalo. Chikaonetsa kachipsera kapena kamthunzi kokayikitsa, amakuuzani kuti mupereke makhololo, nthawi zambiri m'mawa masiku atatu otsatizana. Zotsatira zake zimatha kutenga milungu 8, chifukwa amayenera kudikira kuti aone ngati tizilombo timera.

Taganizani: sukulu ikutsegulidwa kumapeto kwa September, inu mwakayezetsa pakati pa August, ndiye akuti perekani makhololo. Chakacho chapita. Komanso mukafulumira kwambiri n'kuyezetsa mu January, satifiketi itha kutha ntchito musanafunsire viza. Kwa woyamba mu September, ine ndimalangiza May kapena kumayambiriro kwa June. Zimakusiyirani mpata wa milungu 8 ija, satifiketi n'kukhala idakali yamoyo.

Amayi oyembekezera auzeni a kuchipatala musanajambulidwe, pali njira zina zimene angakupatseni. Mukapezeka ndi TB musachite manyazi kapena kufuna kugula satifiketi. TB imachizika, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo kawirikawiri amatenga miyezi 6. Lemberani yunivesite muipemphe ikusungireni malo mpaka chaka chamawa. Pepala labodza likagwidwa, mutha kuletsedwa kulowa m'dzikolo kwa zaka 10.

Chachinayi: ndalama za kubanki

Muyenera kusonyeza kuti muli ndi fizi ya chaka choyamba ndi ndalama zodyera za miyezi yofika 9. Mlingo wa pamwezi ndi wokwera ku London kusiyana ndi mizinda ina, ndipo umasinthasintha, ndiye uonereni pa gov.uk sabata imene mukufunsira. Ndalamazo zikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza la sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lofunsira viza.

Ngati ndalama zanu zili m'makwacha, ikani zochulukirapo. Amawerengera mtengo wa paundi wa tsiku limene mwafunsira. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, ndipo akaunti imene dzulo lake inali yokwanira inasanduka yoperewera. Amene muli pa sikolashipu monga Chevening, Commonwealth kapena ya Beit Trust, kalata ya okulipiriraniyo ndi imene imaima m'malo mwa sitetimenti, koma werengani kuti ikutchula zonse, fizi ndi zodyera zomwe.

Pofunsira viza mumalipiranso ndalama ya zaumoyo yotchedwa Immigration Health Surcharge, imene mu February 2024 inakwera kufika mapaundi 776 pachaka kwa ophunzira. Imapweteka, koma ndi imene imakutsegulirani zipatala za boma za kumeneko, zotchedwa NHS.

Chachisanu: katemera

Viza siifuna katemera aliyense. Thupi lanu ndi limene likumufuna, ndipo nkhaniyi anthu amaidumpha chifukwa palibe ofesala woifunsa.

Pitani kwa amayi anu mukawapemphe khadi yanu ya kusikelo. Mwina ili pansi pa sutikesi pamodzi ndi makalata a ukwati, yofiirira, yong'ambika m'mbali. Ijambuleni ndi foni. Ambiri amene anabadwa ku Malawi m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 analandira katemera wa chikuku kusikelo kamodzi kokha ali ndi miyezi 9. Kubaya kachiwiri kunayamba mu 2015, ndipo katemera wophatikiza chikuku ndi rubella anabwera mu 2017. Wa matsagwidi sanali m'gulu la katemera wa kusikelo. Ku Britain amafuna munthu akhale atabayidwa kawiri katemera wa MMR, woteteza matenda atatu onsewa. Matsagwidi amabuka kawirikawiri m'mahositelo a mayunivesite, ndipo kwa munthu wamkulu si matenda amasewera ngati mmene tinkawaonera tili ana.

Wachiwiri ndi MenACWY, woteteza matenda oumitsa khosi. Amaperekedwa mwaulere kwa ophunzira osakwana zaka 25 amene akulowa yunivesite koyamba, ochokera kunja omwe. Milungu yoyamba ndi imene imakhala yoopsa, pamene achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana ayamba kugona nyumba imodzi ndi kudyera khitchini imodzi. Ngati simunathe kubayitsa musananyamuke, chitani zimenezi sabata yoyamba mukafika.

Katemerayu sateteza mitundu yonse ya matendawa, choncho dziwani zizindikiro: kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu waukulu, kuuma khosi, kusanza, kudana ndi kuwala, kusokonezeka mutu. Mapepala ambiri a kumeneko amakamba za timadontho tofiira tosazimirira mukatidinda ndi tambula yagalasi. Pa khungu lakuda timadonthoti sitioneka msanga. Yang'anani m'zikhatho, kuphazi, mkati mwa zikope ndi m'kamwa chakumwamba. Musadikire kuti tituluke. Imbani 999 kapena thamangirani kuchipatala.

Amene mukukaphunzira unamwino, udokotala kapena uzamba, yunivesite idzakutumizirani fomu yakeyake ya zaumoyo, ndipo nthawi zambiri imafunsa za Hepatitis B. Katemera wake amabayidwa kangapo motalikirana, ndiye yambani mudakali kuno.

Khadi ya Covid-19 musaitaye. Iikeni pamodzi ndi mapepala enawo. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 May 2023 kuti matendawa salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma dokotala wanu watsopano adzafuna kudziwa mtundu umene munabayitsa ndi tsiku lake, makamaka ngati muli ndi shuga kapena matenda ena amgonagona.

Chachisanu ndi chimodzi: tikiti ndi njira

Musagule tikiti viza isanatuluke. Ngati maphunziro anu ndi opitirira miyezi 6, mutha kulowa m'dzikolo kudakali mwezi umodzi kuti ayambe, koma osati tsiku lolembedwa pa viza lisanakwane. Masiku ano viza imakhala ya pa intaneti, yotchedwa eVisa. Tsegulani akaunti ya UKVI, nthambi ya boma la Britain yoona za ma viza, musananyamuke, muonetsetse kuti pasipoti yanu yalumikizidwa nayo.

Kuchokera ku Kamuzu International Airport kapena ku Chileka kulibe ndege yolunjika ku London. Mudzadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Britain siifuna khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, koma Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko amene matendawa amapezeka. Mukakhala pabwalo la ndege la kumeneko kupitirira maola 12, Malawi kapena South Africa atha kukufunsani khadiyo pobwerera ku holide. Imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira July 2016 kubaya kamodzi n'kokwanira moyo wonse.

Satifiketi ya TB, kalata ya CAS, umboni wa malo ogona ndi mapepala a kubanki zikhale m'chikwama cha m'manja. Musaziike m'chikwama chachikulu pamodzi ndi ufa ndi chiponde. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV kapena a BP, tengani okwanira milungu ingapo ali m'mabotolo ake, ndi kalata ya dokotala yotchula dzina la mankhwalawo.

Chomaliza: sabata yoyamba

Yunivesite iliyonse ili ndi tsiku lomaliza lolembetsa. Mukalephera kufika pa tsikulo, imakakamizidwa kudziwitsa Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko la Britain, ndipo viza yanu itha kufafanizidwa. Mukaona kuti muchedwa, kaya chifukwa cha makhololo, ndege kapena maliro, lembani imelo ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja tsiku lomwelo, ndipo sungani yankho lawo. Polembetsa adzafuna pasipoti ndi nambala yotchedwa share code, imene mumaitenga mu akaunti ya UKVI ija.

Mukangomaliza, kalembetseni kwa dokotala wa m'dera lanu, amene kumeneko amati GP. N'kwaulere, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi chipatala pafupi ndi sukulu. Musadikire kudwala. Muonetseni chithunzi cha khadi ya kusikelo chija, mumuuze kuti mukufuna MMR ndi MenACWY, ndipo ngati khadiyo inasowa nenani choncho, adzakuyambitsani ngati munthu amene sanabayitsepo. Mukadwala usiku koma osati modetsa nkhawa kwambiri, nambala yake ndi 111.