Mmene Mungafotokozere Ana Kusiyana kwa Jeti ndi Roketi

Aphunzitsi ndi makolo, mwana akakufunsani chifukwa chake ndege siifika kumwezi, musafulumire kumuyankha ndi mawu okha. Yatsani kandulo, muivundikire ndi tambula yagalasi, iye aone lawi likufooka mpaka kuzima. Moto suyaka popanda okosijeni, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Injini ya jeti imapuma. Kutsogolo kwake kuli mapiko ozungulira amene amakoka mpweya n'kuupanikiza. Mpweyawo umasakanikirana ndi mafuta a mtundu wa palafini, n'kuyaka, kenako umatulukira kumbuyo mwamkokomo ndipo ndege imakankhidwira kutsogolo. Okosijeni, amene ndi pafupifupi magawo 21 pa 100 a mpweya, jeti imamutola m'njira osamunyamula. N'chifukwa chake ndege imatha kuuluka maola oposa 10 osatera. Vuto ndi lakuti mpweya umachepa tikamakwera. Ndege zonyamula anthu zimayenda pamtunda wa makilomita 10 mpaka 12, koma pa makilomita 100, pomwe ambiri amati ndiye malire a mlengalenga wathu, jeti ilibenso chopuma.

Roketi ili ngati wapaulendo wodutsa m'chipululu amene wanyamuliratu kamba wake. Ili ndi thanki ya mafuta ndi inanso ya okosijeni woziziritsidwa mpaka madigiri 183 pansi pa ziro kuti akhale wamadzimadzi. Robert Goddard ndiye adayamba kuulutsa roketi yotere mu 1926 ku Auburn, Massachusetts, pogwiritsa ntchito petulo ndi okosijeni. Koma kambayu ndi wolemera zedi. Mu roketi ya Falcon 9 okosijeni amalemera kuposa kawiri palafini, ndipo roketi ikaima pokonzekera kunyamuka, pafupifupi magawo 90 pa 100 a kulemera kwake ndi zoyaka zokhazokha. Chigawo choyamba cha roketi ya Saturn V, imene idapititsa anthu kumwezi mu 1969, chinkatha mafuta m'mphindi ziwiri ndi theka basi, n'kutayidwa. Kuyendetsa anthu pakati pa mizinda ndi injini yotere kungakhale kuwononga chuma.

Musaiwale za liwiro, chifukwa ambiri amaganiza kuti chofunika n'kukwera kokha. Kuti setilaiti izungulire dziko chapafupi osagwa, iyenera kuthamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. SR-71, ndege ya jeti yothamanga kwambiri, inkafika cha m'ma 3,500. Ndipo liwiro la setilaiti silingatheke mumpweya wochuluka, popeza kukhulana nawo kungatenthe chombocho.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndikupemphani muchikonze msanga. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amati roketi imayenda pokankha mpweya umene uli kumbuyo kwake. Si choncho. Uzirani baluni, muimate ku kapaipi komwera zakumwa kamene mwalowetsamo ulusi womangidwa pakati pa mipando iwiri, kenako muisiye. Mpweya ukathawira kumbuyo, baluni imathamangira kutsogolo, monga mwa lamulo lachitatu la Isaac Newton. Chokankha ndi zomwe zikutulukazo, ndipo roketi imakhala ndi mphamvu zambiri kumene kulibiretu mpweya.

Mwana wochenjera adzafunsa ngati ziwirizi zingagwirizane. Muuzeni za Pegasus, roketi imene mu 1990 idanyamulidwa ndi ndege ya B-52 n'kumasulidwa m'mwamba isanayake. Pochita zoyesererazi, kandulo izikhala m'manja mwa wamkulu, ndipo musalole ana kuyesa kupanga roketi ndi petulo, palafini kapena wonga.