Momwe mungakonzere VirtualBox kuti Ubuntu Server iyende bwino pa laputopu yanu

Si tonse amene tili ndi kompyuta yachiwiri yoti tiikepo seva. Ine ndinaphunzirira pa laputopu yanga ya Windows ya RAM 8 GB, ndipo mpaka lero chilichonse ndimayamba ndachiyesa pomwepo ndisanakachiike kwa kasitomala. Ndimagwiritsa ntchito VirtualBox ya Oracle, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta ina yongoyerekeza mkati mwa laputopu yanu, pamodzi ndi Ubuntu Server 24.04 LTS. Iyi inatuluka mu April 2024 ndipo izilandirabe zokonza za chitetezo mpaka 2029.

Fayilo ya ISO, yomwe mumaikira Ubuntu, ndi pafupifupi 3 GB, ndiye dikirani bandulo ya usiku kapena pitani pamene pali Wi-Fi. M'tauni muli anyamata okopera anthu ISO pa flash n'kuwalipiritsa. Sindikukuletsani, koma mukafika kunyumba tsegulani PowerShell, lembani Get-FileHash ndi dzina la fayiloyo, mufananize zotulukazo ndi SHA256, mndandanda wa zilembo ndi manambala wotsimikizira fayiloyo, yomwe ili pa tsamba la Ubuntu. Pakasiyana ngakhale chilembo chimodzi, ifufuteni. Ambiri amakopera mafayilo oduka, ndipo inu mumadzazindikira pakati pa ntchito.

Musanapite patali, lowani mu BIOS muyatse VT-x ngati purosesa ndi ya Intel, kapena SVM ngati ndi ya AMD. Pa HP mumalowa ndi F10, pa Dell ndi F2. Popanda zimenezi makina a 64-bit sadzuka n'komwe.

Mu VirtualBox, mukadina New n'kulozera ISO ija, zimitsani Unattended Installation kuti mafunso onse muyankhe nokha. RAM perekani 2048 MB. Seva ilibe mawindo ndi zithunzi, choncho imeneyi imakwana bwinobwino pa Apache, PHP ndi database yaing'ono. Pa laputopu ya 8 GB mutha kufika 4096 MB koma musapitirire theka, chifukwa Windows ikapanikizika makina onse awiri amakwawa. Amene muli ndi 4 GB yokha, onjezerani RAM kaye. Ya kaunjika imagwira ntchito ndithu, bola wogulitsayo aiike inu muli pompo, muione mu Task Manager musanapereke ndalama. Mapurosesa ikani awiri. Video memory isiyeni momwe ilili.

Tsopano nkhani ya disiki, yomwe ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Sankhani VDI, fayilo yomwe imakhala disiki ya sevayo, yomakula pang'onopang'ono, osachonga Pre-allocate Full Size. Mukatero fayiloyo imangotenga malo amene seva yadzazadi, ndiye palibe chifukwa choumira: lembani 40 GB ngakhale VirtualBox ikupatsani 25 GB. Koma vuto lenileni silili mu VirtualBox, lili mkati mwa installer ya Ubuntu. Pa tsamba la Guided storage configuration pamakhala pochongedwa kale kuti disiki ikhale ya LVM (njira yogawira disiki m'magawo otha kukulitsidwa), ndipo mukangodina Done osawerenga, Ubuntu imapatsa gawo lake lalikulu pafupifupi theka lokha la malo. Theka linalo limangokhala, osagwira ntchito iliyonse.

Ndinaikira shopu ina ya zipangizo zomangira kaseva kosungira sitoko ndi malisiti, disiki ya 25 GB. Patatha miyezi ingapo mwini wake anandiimbira Loweruka m'mawa, anthu ali pamzere ndi matumba a simenti, pulogalamu ikukana kusunga malisiti. Nditafika ndinapeza MySQL yagwa, uthenga wake uli No space left on device. Ndinalemba df -h, ndipo mzere wa ubuntu--vg-ubuntu--lv unkaonetsa 100%, kukula kwake pafupifupi 11 GB basi. Ndinatha ola lathunthu ndikufufuta ma log, mtsikana wa pa kauntala akulemba malisiti pamanja m'kope, mpaka nditalemba sudo vgs n'kuona kuti malo enanso ochuluka chimodzimodzi anali chikhalire osagwiritsidwa ntchito. Zinandipweteka chifukwa eni shopu aja anataya malonda a m'mawa wonse pa chinthu chotheka ndi mzere umodzi:

sudo lvextend -r -l +100%FREE /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv

Ka -r kamakulitsa filesystem nthawi yomweyo, seva ikuyenda, osazimitsa. Koma chabwino n'kupeweratu. Pa tsamba la Storage configuration pitani pa ubuntu-lv, sankhani Edit, mulembe nambala yayikulu yomwe yalembedwa kuti max, kenako Save. Onetsetsani kuti nambala ya pa / yasinthadi musanapitirize.

Za netiweki, VirtualBox imayamba ndi NAT. Seva imalandira 10.0.2.15, imalowa pa intaneti, koma makompyuta ena saiona. Ngati mukungophunzira panokha isiyeni choncho, mupite pa Port Forwarding muike 2222 kumbali ya laputopu ndi 22 kumbali ya seva, muzilowa ndi ssh -p 2222 dzina@127.0.0.1. Ngati anzanu mu ofesi akuyenera kuifikira, sinthani kukhala Bridged Adapter, musankhe khadi lomwe mukulumikizira. Chingwe chimadalirika kuposa Wi-Fi pamenepa, ndipo pa rauta muisungire IP yosasintha.

Zotsalazi n'zachangu. Mu installer ya Ubuntu chongani Install OpenSSH server, mndandanda wa ma snap muudumphe, muyambitsenso makina. Lembani sudo apt update kenako sudo apt upgrade, mukatero mutenge snapshot mu VirtualBox, yomwe imasunga makinawo momwe alili, yoti muzibwererapo mukasokoneza. Guest Additions, mapulogalamu owonjezera a VirtualBox oika mkati mwa makinawo, pa seva sindivutika nazo. Audio izimitseni. Poyatsa gwiritsani ntchito Headless Start kuti windo lisamakutchingeni, ndipo magetsi akazima batire ili pafupi kutha, lembani sudo poweroff laputopu isanazime yokha.