Makina ophikira mpunga a ku Japan pa magetsi a ku Britain

Mnzanga wa ku Osaka, ku Japan, amene tikukhala hositelo imodzi kuno ku Leeds, anabwera ndi makina ophikira mpunga ochokera kwawo. Anagulanso adaputa, n'kumati basi zatheka. Ndinamuletsa asanalumikize.

Adaputa imangothandiza kuti pulagi ilowe pakhoma, siitsitsa mphamvu ya magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi 100V, pomwe ku Britain ndi 230V, chimodzimodzi kwathu ku Malawi. Tinatembenuza makinawo n'kuwerenga zomwe zalembedwa kunsi kwake: 100V yokha. Akanapsa ndithu. Tchaja ya laputopu yake inalembedwa 100-240V, ndiye iyo adaputa inangokwanira.

Tikanatha kugula thiransifoma yotsitsa magetsi, koma chipangizo chilichonse chotenthetsa chimadya magetsi ambiri, ndipo thiransifoma yoti ikwanitse ntchitoyo imakhala yolemera komanso yodula. Ine ndinaona kuti n'kutaya ndalama. Tinagula makina otchipa opangidwira magetsi akuno, akale aja n'kuwabwezera m'sutukesi. Kenako dandaulo linasamukira ku mpunga: ankati basmati sagwirana, sangadyeke ndi timitengo tomwe amadyera kwawo, mpaka tinapeza waufupi m'sitolo ya zakudya za ku Asia.